Kodi EQ ingachititse ampu yanga yotchipa kulira ngati Fender, Marshall kapena Vox akale aja?

Wagitala wa ku Kawale

Moni nonse akuluakulu. Ndimaimba gitala ya lidi m'bandi ya kutchalitchi kwathu, ndipo chaka chino ndi chachinayi. Zida zanga ndi zochepa: gitala yopangidwa motengera Stratocaster, kapedo ka overdrive (kosasitsa mawu), ndi ampu ya mawati 30 yopanda machubu (timababu tagalasi tokuza mawu m'maampu akale), ya sipika imodzi ya mainchesi 10, yomwe ndinagula kwa munthu wina atamaliza nayo. Mwezi watha achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira Boss GE-7, kapedo ka EQ (kokweza kapena kutsitsa mbali zosiyanasiyana za mawu) kokhala ndi masilaida asanu ndi awiri kaja, olembedwa mu Hz kuyambira a besi mpaka a mawu akuthwa: 100, 200, 400, 800, 1.6k, 3.2k ndi 6.4k, kuphatikizapo ya Level kumapeto.

Chomwe ndikufuna ndi mawu a mitundu iwiri. Pa nyimbo zodekha zopembedza ndimafuna mawu oyera, ozama koma owala, onga amene ndimamva pa YouTube anthu akamaimbira pa Fender Twin Reverb kapena Deluxe Reverb. Pa nyimbo zachangu, makamaka achinyamata akatenga malo, ndimafuna mawu osasa pang'ono ngati a Marshall wakale. Nawo mawu a Vox AC30 amandikoka mtima, koma sindidziwa n'komwe poyambira.

Ndayesa milungu itatu. Ndikakweza 100 ndi 6.4k n'kutsitsa zapakati, kunyumba zimamveka bwino, koma Lamulungu gitala imasowa, kiyibodi ndi ng'oma zimaimeza. Ndikayatsa overdrive ndiye mawu amachita tsaaa ngati mbatatesi zikamagwera m'mafuta pachiwaya. Komanso kutchalitchi nthawi zina amatenga waya kuchoka pa mapedo anga n'kulowetsa mu mikisa ampu osaigwiritsa ntchito, ndipo pamenepo zimaipiratu.

Ampu ya machubu sindingaikwanitse panopa, ndalama yake ndi ya lendi ya miyezi yambiri. Ndiye funso langa ndi ili: EQ ingandifikitse pati? Ndikankhe silaida iti, ndipo pedoyi ikhale patsogolo kapena pambuyo pa overdrive?

Wokonza Mawailesi wa ku Limbe

Achimwene, funso lanu landikhazika pansi, chifukwa ndathera zaka zambiri ndikutsegula maampu a anthu patebulo langa. Ndiyambe ndi chinthu chomwe oimba ambiri sachidziwa: mabatani a Bass, Middle ndi Treble pa ampu ya gitala akakhala onse pa 5, mawu sakhala osalala ayi. Amakhala atakumbidwa kale dzenje pakati, kutanthauza kuti mawu apakati amakhala otsika. Mabatani amenewa sawonjezera kanthu, amangochotsa, ndipo ndi olumikizana: mukapotokola Treble, malo a dzenje lija nawonso amasuntha. Kalumikizidwe kameneka n'kochokera kwa Leo Fender ku Fullerton, California, amene naye anayamba ngati wokonza mawailesi ndipo gitala sankaimba. Maampu ambiri otchipa anangotengera komweko. Ndiye inu mukatsitsanso 400 ndi 800 pa GE-7, mukukumba dzenje m'kati mwa dzenje. N'chifukwa chake mukusowa Lamulungu.

Choncho yambani ndi kusalaza ampu yanuyo. Middle ikani pa 10, Bass pa 1 kapena 2, Treble pansi kwambiri, mwina pa 1. Imveka ngati munthu wolankhulira m'mphuno, musadandaule, ameneyo ndiye maziko. Kuchokera apo GE-7 ndiyo izigwira ntchito. Ngati muli ndi kompyuta, pali kapulogalamu kaulere kotchedwa Tone Stack Calculator ka Duncan, kamajambula mzere wosonyeza zomwe batani lililonse likuchita pa Fender, Marshall ndi Vox. Mukangouona mzerewo kamodzi, simudzaiwalanso.

Tsopano Fender amene mukumufunayo ndi wa nkhope yakuda (mbale ya mabatani ake ndi yakuda), wa zaka za 1963 mpaka 1967. Twin Reverb ndi ya mawati 85, machubu a 6L6 anayi, masipika awiri a mainchesi 12. Deluxe Reverb ndi ya mawati 22, machubu a 6V6 awiri, sipika imodzi, ndipo ilibe n'komwe batani la Middle, muli karesisita kokhazikika m'malo mwake. Dzenje la maampu amenewa limakhala chakumunsi, cha pa 400 mpaka 500 Hz, ndipo ndi lakuya. Ine pa GE-7 ndingatsitse 400 ndi madesibo (muyeso wa kukula kwa mawu) asanu kapena asanu ndi limodzi, 800 ndi awiri okha, 100 ndikweze pang'ono, 3.2k ndikweze ndi atatu. 6.4k isiyeni pomwe ili. Kuwala kwa Fender kumakhala cha pa 3k, pamwamba apo pali phokoso lokhalokha.

Marshall nkhani yake ndi yokoma. Jim Marshall anali woimba ng'oma, anali ndi sitolo ku Hanwell mu London, ndipo ampu yawo yoyamba ya 1962, JTM45, anaitengera pafupifupi waya ndi waya kuchokera ku Fender Bassman ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nanga n'chifukwa chiyani ziwirizi sizilira mofanana? Machubu ena anasintha, inde, koma chachikulu ndi bokosi. Bassman inali ndi masipika anayi a Jensen a mainchesi 10 m'bokosi lotsegula kumbuyo. Marshall anaika a Celestion a mainchesi 12 m'bokosi lotseka. Bokosi lotseka limagunda pachifuwa cha pa 100 mpaka 120 Hz, lotsegula limataya besi kumbuyo. Kenaka pa Super Lead ya mawati 100, yomwe anthu amaitcha Plexi, anapita ku machubu a EL34 n'kusintha tizida tingapo, dzenje lija linasunthira m'mwamba cha pa 700 Hz n'kukhala losazama. Chinanso, pa tchanelo yowala anaika kapasita yaing'ono yomwe imadula besi mawu asanayambe kusasa.

Pamenepa ndi pomwe pagona yankho la funso lanu la patsogolo kapena pambuyo. EQ ikakhala patsogolo pa overdrive imasankha mawu oti asase. Ikakhala pambuyo imasema mawu osasa kale. Besi wambiri akalowa mu overdrive, kodi iliyonse imaphwanyika n'kumveka ngati sipika yong'ambika. Ndiye pofuna Marshall ndi pedo imodzi yokhayo, ine ndingaiike patsogolo: 100 pansi kwambiri, 200 pansi pang'ono, 800 ndi 1.6k m'mwamba ndi madesibo anayi, Level m'mwamba pang'ono kuti ikankhe overdrive. Besi wotayikayo mum'bwezere pa batani la Bass la ampu, chifukwa ilo lili pambuyo. Gain, batani lowonjezera kusasa, musachulutse. Plexi inalibe master volume, kusasa kwake kunkabwera chifukwa choitsegula mpaka makoma kunjenjemera, ndipo ndi kochepa kuposa momwe achinyamata amaganizira.

Vox AC30 ndi ya ku Dartford, ya kampani ya Tom Jennings, woipanga anali Dick Denney. Machubu a EL84 anayi, masipika awiri a Celestion a buluu, ndi gawo la Top Boost lomwe linadza mu 1961. Besi wake ndi wochepa, mphamvu ili pa 1.6k ndi 3.2k, ndiye amalira ngati belu. Tsitsani 100 ndi 200, kwezani ziwirizo, gain pang'ono chabe. Kenaka dulani pamwamba, chifukwa Vox ili ndi batani la Cut lomwe mukalikweza limachotsa mawu akuthwa, kuti beluyo asabaye m'khutu.

Koma ndikuuzeni zoona zake. EQ ikupatsani mtundu wa mawu, koma siingakupatseni kupuma kwa machubu. AC30 kapena Deluxe Reverb mukamenya nsambo mwamphamvu, magetsi a m'kati amatsika kanthawi kochepa, mawu amafwamphuka n'kubwereranso ngati chifuwa. Chimenecho chimamveka m'zala za woimba kuposa m'makutu a mpingo. Silaida iliyonse siingachipange.

Mayi wa pa Mikisa

Bambo a ku Limbe afotokoza bwino za maampu, ine ndiyankhe za chiwaya chija, poti ndine amene ndimakhala kumbuyo kwa mikisa kutchalitchi kwathu ku Zomba ndipo vuto limeneli ndalimbana nalo ndi oimba gitala atatu.

Sipika ya gitala si sipika yabwino, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Ikafika cha pa 5 kHz imayamba kugonja, pamwamba apo siitulutsa zambiri. Overdrive imabala timawu tambiri takuthwa mpaka 10 kHz ndi kupitirira, koma sipika ya ampu imatimeza tisanafike kwa anthu. Tsono mukatenga waya kuchoka pa pedo kulunjika mu mikisa, timawu tonseto timapita ku matwita (timasipika ta mawu akuthwa) a masipika a tchalitchi, amene anapangidwa kuti atulutse chilichonse. Tsaaa uja ndi ameneyo. Si pedo yanu yoipa, mchimwene wanga.

Uzani wa pa mikisa wanu achite izi pa tchanelo ya gitala. Adule pansi pa 90 kapena 100 Hz. Nsambo yaikulu ya E imalira pa 82 Hz, koma musaope kuti itayika, khutu limaizindikira ndi timawu take tam'mwamba, ndipo kumunsi uko n'kwa besi gitala ndi ng'oma yaikulu. Kudulako kumachepetsanso kung'ung'udza kwa magetsi athu a 50 Hz komwe mapikapu (timaginito totola mawu a nsambo) a singo koyilo, ngati a gitala yanuyo, amakonda kutola. Kenaka adule pamwamba pa 5 kapena 6 kHz, modula ndithu osati mongotsitsa pang'ono. Pa mikisa ya digito ngati X32 zimenezi ndi za mphindi imodzi. Pa mikisa yakale ya mabatani atatu, batani la High limagwira cha pa 12 kHz, ndiye silikwanira, muthandizire ndi 6.4k ya pa GE-7 yanu itatsikiratu pansi, pedoyo ili pambuyo pa overdrive. Apa ndikusiyana pang'ono ndi bambo aja: tsiku lomwe mukulowa mu mikisa popanda ampu, EQ ikhale kumapeto basi, chifukwa ikugwira ntchito ya sipika.

Koma njira yabwino kuposa zonsezi ndi kunyamula ampu yanuyo n'kuika maiki patsogolo pake. SM57 ndiyo yodziwika pa ntchitoyi, koma maiki iliyonse ya dayinamiki ichita. Malo omwe mwaiika ndi EQ ina payokha: pakati penipeni pa sipika mawu amathwa, mukamasunthira m'mphepete amafewa, mukaiyandikiza kwambiri besi amachuluka. Masentimita atatu okha amasintha zambiri kuposa silaida.

Za kusowa kwanu Lamulungu ndili ndi maganizo anga. Kwaya ikamaimba, dzenje la Fender lija ndi dalitso kwa ine, chifukwa mawu a anthu amakhala pomwepo ndipo gitala imawasiyira malo. Vuto limabwera pa nthawi yanu ya lidi, pamene woimba kiyibodi wadzaza manja onse awiri. Nsambo yaing'ono ya E ili pa 330 Hz, pa fureti ya 12 ili cha pa 660 Hz. Mukuona? Manotsi anu a lidi akugwera m'dzenje lomwe mwakumba nokha. Ndiye ine ndimauza anyamata anga kuti mawu a Fender akhale pa ampu, pedo ya EQ ikhale yozima, ndipo ikafika nthawi ya lidi aiponde ili ndi 800 yokwera. Pedo ya overdrive yotchedwa Tube Screamer inatchuka chifukwa cha chomwechi, imatukula cha pa 720 Hz, ndiye imakwirira dzenje la Fender ndendende.

Chomaliza, mawu osakonzera kuchipinda usiku ampu ili chonong'ona. Khutu la munthu silimva bwino besi ndi mawu am'mwamba voliyumu ikakhala yotsika, ndiye mumakweza mbali ziwirizo mosadziwa. Mukafika pa voliyumu ya tchalitchi zimasefukira. Konzerani pa pulakatisi, bandi yonse ikulira.

Madala a Rumba

Mwana wanga, ine ndakalamba ndi gitala m'manja, ndaimba m'mabala ndi m'maukwati kuyambira ku Chipata mpaka ku Lusaka, ndipo ndikufunseni: nsambo zanu munasintha liti? Ngati zachita dzimbiri ndi thukuta la miyezi isanu ndi umodzi, kuwala kunachoka kalekale, ndipo mukakweza 3.2k mukungokweza phokoso la pedo. EQ siitukula chinthu chomwe palibe. Yambani apo. Mukamaliza kuimba muzizipukuta ndi kansalu kouma, nsambo n'zodula masiku ano.

Chachiwiri, pa gitala yanuyo muli kale EQ yomwe simunailipire. Switchi ya mapikapu ili ndi malo asanu. Malo achiwiri ndi achinayi, pamene mapikapu awiri alira pamodzi, amachotsa okha mawu apakati, ndipo theka la zomwe mukumva pa YouTube n'kumati ndi Twin Reverb ndi zimenezo. Pikapu ya kukhosi pa nyimbo zodekha, ya kubuliji pa Marshall wanuyo, batani la Tone litabwerera pang'ono ngati limaigwira. Dzanja lamanja nalonso: menyani pafupi ndi buliji mumve kuthwa kwake, sunthirani kukhosi mumve kunenepa.

Tsono mundilole ndinene zomwe zili kumtima. Maampu atatu mwatchulawo ndi abwino, koma mawu amene ife tinakulira, a lidi ya rumba ndi sungura, oyera ngati madzi a pachitsime, ambiri mwa ife tinkawapeza pa ampu yopanda chubu ngakhale chimodzi. Roland JC-120, Jazz Chorus, inatuluka mu 1975. Ili ndi maampu awiri a mawati 60 m'bokosi limodzi, iliyonse ndi sipika yake ya mainchesi 12. Mukayatsa chorus, sipika imodzi imatulutsa mawu momwe alili, inayo imawagwedeza pang'ono, ndipo zimakasakanikirana mumpweya. Bandi ikakhala nayo imeneyo inkayenda monyada. Ampu yanu ya matiranzisita ndi m'bale wake wa JC-120 kuposa wa Vox. Kuifikitsa kumeneko n'kosavuta: besi wochepa, 200 ndi 400 pansi pang'ono kuti isalire ngati mumgolo, 3.2k m'mwamba, kadileyi (kapedo kobwereza notsi) kafupi. Pamenepo simukusowa kupuma kwa machubu komwe anena a ku Limbe, chifukwa lidi yathu imafuna notsi iliyonse ituluke msanga, yolimba, yosafwamphuka. Pa nyimbo zachangu za kutchalitchi kwanu, ndikukhulupirira kuti mpingo udzavina ndi mawu amenewa kuposa a Marshall. Yesani onse awiri mudzatiuze.

Wokonza Mawailesi wa ku Limbe

Madala anena zoona za nsambo, ndinayenera kuyambira pomwepo. Mayi nawonso akhoza pa za mikisa, ine ndimaganizira za ampu yokha. Ndiwonjezere ziwiri. Masilaida a GE-7 amafika madesibo 15 kumwamba ndi kumunsi, koma mukapyola 6 ndiye kuti vuto lili pena. Kutsitsa kumaposa kukweza: m'malo mokweza zitatu, tsitsani zinayi zinazo n'kubwezera pa Level, phokoso limachepa. Ndipo sipika ya mainchesi 10 m'kabokosi kakang'ono musaikakamize besi wa Twin, mungaiphe. Mukadzapeza ndalama pang'ono, musanagule pedo ina, gulani sipika yabwino ya gitala ya maohmu ofanana ndi yomwe ilimo. Kupuma kuja mungakuyandikireko ndi kompuresa (pedo yofananiza mawu amphamvu ndi ofooka) yofatsa patsogolo pa zonse. Winanso akadzakutumizirani ampu ya machubu yochokera ku America, onetsetsani kumbuyo kwake: kumeneko magetsi ndi a 120, kuno ndi 230, ndipo ndalandirapo zingapo zitapsa thiransifoma tsiku loyamba.

Wagitala wa ku Kawale

Zikomo kwambiri nonse, bambo a ku Limbe, mayi, ndi inu madala. Ndadikira kuti Loweruka ndi Lamulungu zidutse ndisanayankhe.

Nsambo zinali za miyezi isanu ndi iwiri. Ndinagula zatsopano Lachisanu, ndipo ndisanakhudze pedo iliyonse gitala inali itasintha kale. Loweruka ndinafika msanga pa pulakatisi, ndinasalaza ampu monga munanenera. Pa Middle 10 inkalankhuladi m'mphuno, mpaka wa besi anatembenuka. Nditatsitsa 400 ndi kukweza 3.2k, switchi ili pa malo achinayi, ndinamva chinthu chomwe ndakhala ndikuchisaka, makamaka pa makodi otsegula. 100 sindinathe kuikweza, kabokosi kanayamba kunjenjemera pa nsambo yaikulu, ndiye ndinaibweza pakati.

Wa pa mikisa anavomera kuika maiki pa ampu. Tinayamba pakati pa sipika, zinali zobaya, tinasunthira chakumphepete pafupifupi zala zitatu ndipo tinaika chizindikiro cha tepi pansalu ya ampu kuti tisamasakesake sabata iliyonse. Anadula pa 100 Hz ndi pa 5.5 kHz. Chiwaya chija chazima.

Marshall sindinam'peze bwino. Pedo ili patsogolo pa overdrive, makodi analimba ndithu, sakuphwanyikanso, koma kugunda kwa pachifuwa kulibe, ndipo ndikuona kuti ndi nkhani ya bokosi ija. Vuto lina ndi loti pedo ndi imodzi: sindingawerame pakati pa mapemphero kusuntha masilaida ndi mawaya. Ndiye Lamulungu ndinatsata njira ya mayi. Dzenje ndinalisiya pa ampu, Bass 3, Middle 4, Treble 6, GE-7 ili ndi 800 ndi 1.6k zokwera, yoponda pa lidi pokha. Kwa nthawi yoyamba ndinadzimva ndekha pamwamba pa kiyibodi popanda kukweza voliyumu.

Madala, pa nyimbo ya chopereka ndinazima overdrive n'kuimba moyera monga munanenera, pikapu yapakati, kumenyera pafupi ndi buliji. Amayi a kwaya anatuluka m'mabenchi. Dileyi ndilibe, ndibwereka kwa mnzanga wa ku Biwi Loweruka likubwerali. Mundiuzeko kuti pa lidi ya sungura mumaitchera motani, kubwereza kamodzi kapena kawiri, ndipo ikhale pambuyo pa GE-7 kapena patsogolo pake?